Botolo la ng'ombe ndi chifuwa cha agogo

Anabanda (Mufakose), 06:42
Mwadzuka bwanji makolo ndi abale nonse. Pepani ndabwera ndi nkhani yosakhudza zopereka. Apongozi anga aamuna, agogo aja munawaona pa maliro a ku Mbudzi mwezi watha, akutsokomola sabata yachitatu tsopano. Usiku thukuta mpaka kunyowetsa bulangete ngakhale kukuzizira chonchi. Nsima akungonyema kawiri n'kusamba m'manja. Bambo a kunyumba akuti ndi korona yabweranso, ndiye andituma ndifunse ngati alipo amene akadali ndi ivermectin uja anthu ankamwa nthawi ija. Ndalama tipereka.

Aphiri (Beatrice), 06:51
Ndili nalo botolo kuno ku famu, lotsegula kale koma mwatsala theka. Tinabayira ng'ombe mu April. Mnyamata wa mkaka amalowa m'tauni Lachisanu, akhoza kukusiyirani pa Mbudzi.

Madalitso (Epworth), 06:53
Pa Mbudzi pake pati Aphiri, pamsewu kapena kumanda? Nenani bwinobwino, gulu lino ndi la maliro, mwina tiyambiretu kusonkha 😂

Atcheya Mbewe, 06:55
Madalitso, pali wodwala pano. Nthabwala ukachitire ku bawo.

Sisita Nachisale, 07:10
Ndangoweruka kumene ya usiku, maso akulemera, koma izi sindingagone nazo. Aphiri, ndi ulemu wonse, botololo likhale komweko ndi ng'ombe zake. Anabanda, ndikufunseni: thalauza likuwakwanabe agogowo, kapena ayamba kubowola lamba? Komanso si aja anagwira ntchito ku migodi?

Anabanda (Mufakose), 07:13
Lamba abowola kawiri asisita. Ku mgodi anakhalako zaka 22, pansi penipeni.

Sisita Nachisale, 07:19
Ndiye za korona ziyambe zadikira. Chifuwa chopitirira masabata awiri, thukuta la usiku, kuwonda, ndiponso munthu wa ku mgodi: choyamba akapereke makhololo ku kiliniki ya khonsolo, aone ngati si TB. Fumbi la miyala limasiya zipsera m'mapapo, ndipo TB imakonda mapapo otero ngakhale munthu atapuma ntchito kalekale. Mankhwala ake ndi aulere, amamwa miyezi isanu ndi umodzi. Pakadali pano asagone chipinda chimodzi ndi ana, mawindo muzitsegula. Ivermectin sachita kanthu pa TB, ndipo korona yomweyo sachiza.

Che Saidi (Mbare), 07:31
Za TB sindikutsutsa, akayezetse ndithu. Koma mawu omalizawo asisita mwaphonya, ndipo sindingakhale chete. Umboni ndine amene ndikulemba pano. January 2021 ndinagona masiku naini, kupuma ngati andithamangitsa agalu, fungo osamva, ndiwo kukoma ngati ndikutafuna katoni. Mnyamata wanga anazungulira zipatala zitatu. Kwina akuti bedi palibe, kwina akuti muyambe mwaika madola oti ngakhale nditagulitsa shedi yanga ndi zida zonse sakanakwana. Ndinamwa ivermectin, mapiritsi a anthu, osati a ziweto. Tsiku lachitatu ndinaitanitsa phala. Lero ndili pa Magaba ndikukhoma zidebe. Tandiuzani chinandidzutsa n'chiyani?

Limbani (wa ku famase), 07:44
Amalume, tonse tikuthokoza Mulungu kuti muli moyo, zidebe zanu ndi zomwe timatungira madzi ku mjigo. Koma funso lanulo ndi lomwe linazunguza mitu madokotala chaka chathunthu. Mwa anthu ogwidwa ndi korona, ochuluka zedi ankachira okha, amwe kanthu asamwe. Mayi anga anachira akufukiza zumbani ndi masamba a bulugamu. Aneba athu anachira ndi mandimu ndi jinja. Aliyense amatamanda chimene chinali m'kapu tsiku limene thupi linayamba kupepuka. Amene anamwa koma n'kutisiya sangalembe pa gulu.

Che Saidi (Mbare), 07:48
Iwe Limbani unabadwa ine ndikuona. Zumbani analandirapo mphotho ya Nobel? Ivermectin analandira. Ndipo boma lino linaloleza, ukafunse abwana ako. Dr Jackie Stone wa mu Harare momwemuno ankanena poyera kuti odwala ake akudzuka. Onsewo ndi mbuli, wodziwa ndiwe?

Limbani (wa ku famase), 08:02
Ayi amalume, za Nobel mukunena zoona. Mu 2015 anapatsa Satoshi Omura wa ku Japan ndi William Campbell. Omura anapeza bakiteriya m'dothi la kwawo, Campbell ndi anzake ku kampani ya Merck n'kupangamo mankhwala. Anayamba ndi ziweto mu 1981, kwa anthu anafika mu 1987. Koma mphothoyo inali ya kupha nyongolotsi. Mmene amagwirira ntchito ndi motere: amalowerera m'mitsempha ndi m'minofu ya nyongolotsi, nsabwe kapena kachilombo ka mphere, n'kuziumitsa ziwalo mpaka kufa. Vairasi ilibe mitsempha, ilibe minofu. Khasu ndi chida chabwino, koma simungametere ndevu.

Esnart (Hatfield), 08:20
Mundilole ndiponyepo, chifukwa mankhwala mukunenawa ine ndakula nawo. Kwathu ndi ku Thyolo, kufupi ndi minda ya tiyi. Kumeneko kuli tintchentche takuda timene timaswana m'mitsinje yothamanga, tikakuluma timasiya tinyongolotsi m'thupi. Munthu amakanda usiku wonse mpaka kugwiritsa chitsononkho, khungu la m'miyendo kuchita mawangamawanga ngati kambuku, ena maso kuwonongeka. Agogo anga aakazi miyendo yawo inali yotero.

Chaka chilichonse kunkabwera Mectizan, amene ndi ivermectin yemweyu. Mavolontiya a m'mudzi ankayenda ndi ndodo yolembedwa mizere, umaima pambali pake, msinkhu wako ndiwo unkanena mibulu ingati, kuyambira umodzi mpaka inayi. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera sankawapatsa. Osalipira ngakhale tambala. Ife obadwa pambuyo pake kukanda kuja sitikukudziwa. Ndiye wina akamanyoza kuti ndi mankhwala a ng'ombe basi, ine zimandiwawa. Koma ankatipatsa kamodzi pa chaka, ndipo palibe anatiuzapo kuti ndi a chimfine.

Che Saidi (Mbare), 08:24
Mwamva? Mwamva Limbani? N'chifukwa chake ku Africa kuno sitinafe ngati azungu. Anthu anali atamwa kale, matupi ali otchingidwa.

Aphunzitsi Tembo (Highfield), 08:41
Che Saidi, pamenepo ndiye mwalumpha mtsinje musanauone kuya. Mectizan kumudzi amagawidwa m'maboma ochepa a kummwera, monga Thyolo, Mulanje ndi Mwanza, osati dziko lonse. Kuno ku Zimbabwe matenda a tintchentche amenewo kulibe. Ndipo piritsi lomwa kamodzi pa chaka silikhala m'magazi kudikira mliri, masiku ochepa latuluka. Chimene chinatiteteza kwambiri ndi ubwana. Ku Malawi theka la anthu ndi a zaka zosapitirira 18 kapena chapompo, pomwe korona inkasankha nkhalamba ngati ine.

Komanso tisamanene kuti sitinafe. Sitinkayezedwa. Ku Lusaka anayeza mitembo 364 m'nyumba ya chisoni mu 2020, yoposa 50 inapezeka ndi korona, ndipo ambiri mwa anthuwo anali asanayezedwepo ali moyo. Tsegulani buku lathu la zopereka, muwerenge masamba a January ndi July 2021. Atcheya akudziwa kuti thumba linauma kawiri.

Atcheya Mbewe, 08:45
Linauma ndithu. Mabokosi awiri tinachita kutenga pa ngongole.

Aphunzitsi Tembo (Highfield), 09:06
Koma nditembenukire kwa achinyamata, chifukwa Che Saidi ali ndi mbali imene akunena zoona, ndipo sindifuna tiziyankhula ngati amene anamwa anali opepera. Kumbukirani mwezi umenewo. M'bindikiro wa masiku 30 unayamba pa 5 January. Sikisi koloko madzulo aliyense m'nyumba. Pamaliro anthu 30 okha, ife amene tinazolowera kugona pasiwa usiku wonse tikuimba. Pa 12 January kumudzi kunamwalira nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Kuno a SB Moyo anapita pa 20, a Joel Biggie Matiza pa 22, ndipo ku Heroes Acre, manda a ngwazi za dziko, anaika anthu atatu tsiku limodzi. Munthu wamba wa ku Mbare amaona kuti ngati nduna, za galimoto ndi madokotala awoawo, zikugwa chonchi, nanga ine ndine yani?

Katemera kunalibe. Sinopharm woyamba anatsika pa bwalo la ndege pa 15 February, milingo 200,000 basi, dziko lonse. Ndiye pakati pamenepo wina akukuuza kuti pali piritsi la madola ochepa, lodziwika kwa zaka makumi atatu. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Inenso ndinamwa, ndisakunamizeni. Ndinachita kutumiza mdzukulu kukagula kwa munthu wina amene ankagulitsira m'buti ya galimoto.

Za chilolezo cha boma n'zoona, koma tinene zonse. Kumapeto kwa January unduna wa zaumoyo unauza a MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala kuno, kuti alole mankhwalawa kulowa ndi kuperekedwa ndi madokotala moyang'aniridwa, ngati chinthu choyesa. Ku South Africa a SAHPRA, bungwe lawo la mankhwala, anachita zofanana masiku omwewo. Sanati apeza mankhwala a korona. Anati anthu akumwa kale a ziweto, bola alandire a anthu kudzera kwa dokotala uku tikuona ngati akuthandiza. A ku South Africa aja anadzatseka pulogalamu yawo mu May 2022 ataona zotsatira.

Madalitso (Epworth), 09:09
Aphunzitsi mwalemba ngati tikulemba mayeso mawa. Bandulo yanga yathera pa inu.

Limbani (wa ku famase), 09:30
Zikomo aphunzitsi, ine sindikunyoza aliyense. Mu shopu mwathu anthu ankalira pa kauntala, ndinaziona ndi maso. Ndingofotokoza kumene nkhaniyi inachokera, chifukwa sinagwe kumwamba.

April 2020, akatswiri a ku Monash University ku Australia anaika vairasi ya korona m'timbale ta mu labu, pamodzi ndi maselo a impso ya nyani, n'kuthiramo ivermectin. Patatha maola 48 vairasi inali itatsala pang'ono kutheratu. Nkhani inawanda dziko lonse. Chimene sichinawande n'choti mlingo anathira m'mbalemo unali woposa kutalitali umene ungafike m'magazi a munthu atamwa mapiritsi mwa nthawi zonse. Jik nayenso amapha vairasi m'mbale. Vuto ndi kupha vairasi munthu n'kutsala wamoyo.

Kenako November 2020 kunatuluka kafukufuku wa ku Egypt wonena kuti imfa zatsika ndi pafupifupi 90 pa 100 iliyonse. Ameneyu ndiye ananyamula nkhani yonse pamsana, aliyense wowerengetsera ankamuphatikizamo. December yemweyo Dr Pierre Kory anakayankhula ku Senate ya ku America, kanema wake ndi uja anazungulira pa WhatsApp mpaka kutidzazira mafoni. Ndiye mu 2021 mwana wa sukulu ku London, Jack Lawrence, anapatsidwa pepala la ku Egypt lija ngati ntchito ya m'kalasi. Iye ndi ena atafukula manambala anapeza odwala olembedwa mobwerezabwereza, ena olembedwa kuti anamwalira kafukufuku asanayambe n'komwe. July 2021 pepalalo linachotsedwa. Atalichotsa pa masamu aja, phindu lalikulu lija linasungunuka.

Che Saidi (Mbare), 09:34
Mmodzi akanama ndiye kuti onse anama?

Limbani (wa ku famase), 09:47
Ayi, n'chifukwa chake anayesanso mwadongosolo. Amatenga odwala ambiri, n'kuwagawa pawiri mwamaere. Gulu lina ivermectin, lina piritsi lofanana maonekedwe koma lopanda mankhwala, wodwala ndi dokotala onse osadziwa wamwa chiti. Ku Brazil kafukufuku wotchedwa TOGETHER anatenga anthu 1,358, mbali iliyonse 679. Amene anadwalika mpaka kugonekedwa kapena kusungidwa nthawi yaitali kuchipatala: 100 mwa omwa ivermectin, 111 mwa enawo. Zinatuluka mu March 2022.

Che Saidi (Mbare), 09:49
Ehee! Wadzigwira wekha. 100 ndi 111 n'zofanana? Anthu 11 amenewo si anthu? Ine sukulu ndinalekeza Grade 7 koma kuchotsera ndimatha.

Limbani (wa ku famase), 10:01
😂 Ndinadziwa kuti mugwira pamenepo. Amalume, tengani thumba la mtedza, mutape zidebe ziwiri zofanana, muwerenge mtedza wowola m'chidebe chilichonse. Sudzafanana ndendende, china 100 china 111, chonsecho thumba ndi limodzi. Pali masamu oonera ngati kusiyana kwaposa kwa mwayi wamba, ndipo apa sikunapose. Akanakhala mankhwala odabwitsa aja a 90 pa 100, tikanaona 11 mbali ina, 111 mbali inayo. Ku America kafukufuku wa ACTIV-6 anayesa, anthu n'kudandaula kuti mlingo wachepa, anawonjezera n'kupereka masiku sikisi, osasintha kanthu. Ku Malaysia chimodzimodzi. Wa ku Oxford, PRINCIPLE, anapeza kuti omwa ankanena kuti apeza bwino masiku ngati awiri msanga, koma kumeneko aliyense ankadziwa chimene wamwa, ndipo ogonekedwa ndi omwalira sanachepe. India yomwe timagulako mapiritsiwa inawachotsa pa ndondomeko yake ya korona mu September 2021.

Che Saidi (Mbare), 10:12
Nanga amalipira kafukufukuyo ndani? Tisapusitsane. Merck yemweyo February 2021 anatuluka n'kunena kuti mankhwala ake omwe sathandiza korona. Chaka chisanathe akugulitsa piritsi lake latsopano madola 700 munthu mmodzi. Ivermectin wa masenti angawapindulire chiyani? Ndiye a FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ku America, n'kumalemba kuti sindinu hatchi, sindinu ng'ombe. Kutitukwana kumeneko. Munthu ukufuna kupulumuka, wina ali mu ofesi akukuseka.

Sisita Nachisale, 10:35
Tulo tathawa basi, ndayika ketulo.

Che Saidi, za kunyoza zija ndili mbali yanu. Uthenga umene uja unaumitsa anthu mitu m'malo mowabweza, ndipo unachititsa manyazi anthu ngati a kwawo kwa Esnart amene amamwa mankhwalawa pa chifukwa choyenera. Makampani a mankhwala nawonso si angelo, amene tinaona mitengo ya ma ARV isanatsike tikudziwa.

Koma ganizo loti mankhwala otchipa amabisidwa lili ndi bowo limodzi lalikulu, dzina lake dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa m'thupi. Ndi wakalekale, wotchipa kuposa buledi, palibe kampani imalemera naye. June 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anapeza kuti amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kwa odwala a pa makina opumira, ndi limodzi mwa asanu kwa amene ali pa okosijeni. Posakhalitsa maiko ambiri anayamba kumugwiritsa ntchito, ifenso m'mawodi mwathu. Palibe anamubisa. Onse awiri ndi otchipa, onse awiri anayesedwa, wina anakhoza, wina analephera. (Musathamangire kukagula dexamethasone, chonde. Kwa munthu amene sakufunika okosijeni sathandiza, akhoza kuwononga.)

Pali kanthu kenanso kamene kanandikhutiritsa ine. Kuli nyongolotsi ina, Strongyloides, yolowera kuphazi ukamayenda opanda nsapato, imakhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete. Munthu wotere ukamupatsa mankhwala a mtundu wa dexamethasone chitetezo chimatsika, nyongolotsi zija zimaswana n'kufalikira mpaka m'mapapo, munthu akhoza kufa. Ofufuza ena mu 2022 anaona kuti malo amene ivermectin ankaoneka ngati akuthandiza pa korona anali makamaka kumene nyongolotsi imeneyi ndi yofala. Ndiye mwina ena anathandizidwadi, koma chimene chinafa ndi nyongolotsi, osati vairasi.

Madalitso (Epworth), 10:38
Ndiye kuti Che Saidi anali ndi njoka za m'mimba? 🙈

Che Saidi (Mbare), 10:39
Mwana iwe ndidzakupeza ku chinkhoswe.

Aphiri (Beatrice), 10:58
Poti aliyense akuulula, nanenso ndiulule. Nthawi ija kuno ku mafamu botolo la ziweto linasowa m'mashopu, mtengo kukwera kawiri katatu, chonsecho ng'ombe zikufuna mankhwala nyengo ya mvula. Anyamata a m'komboni ankatapa ndi sirinji n'kuthira mu tiyi, ena mu Mazoe. Muyezo wake wa m'mutu. Mmodzi anaganiza kuti poti ndi wonenepa achulukitse. Tinamupeza m'mawa kuseri kwa dibi akudzandira ngati waledzera, akusanza, akuti akuona zinthu ziwiriziwiri, dzina la mkazi wake osalikumbuka. Tinamunyamula pa thirakitala. Anachira, koma masiku awiri sitinagone. Ndinaiwala dala nkhani imeneyi m'mawa muja polemba za botolo. Pepani Anabanda, ndimati ndikuthandiza.

Sisita Nachisale, 11:07
Mwachita bwino kunena Aphiri. Wa jakisoni wa ng'ombe amakhala ndi 10 mg pa ml iliyonse, anapangira nyama ya makilo 400, ndiye kulakwitsa pang'ono ndi sirinji wapitirira kale. Mabotolo ena amasakaniza ndi mankhwala a nyongolotsi za m'chiwindi, amene sanapangidwire anthu. Wothira pamsana uja ndiye muli spiriti, si womwa n'komwe. Pa mlingo woyenera thupi limatchinga kuti ivermectin asalowe mu ubongo. Ukachulukitsa mpanda umagwa, ndi zimene munaonazo: chizungulire, kusokonezeka, ena kukomoka. Tsono taganizani agogo a zaka za m'ma 70, owonda kale, osadya.

Mayi Nangondo (Highfield), 11:40
Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa, ndimalemba n'kufufuta. Ambiri mukudziwa kuti bambo a Chisomo anatisiya July 2021. Chimene simukudziwa n'choti ivermectin anamwa, wa anthu, kuyambira tsiku loyamba. Ndine ndinakagula, ndine ndinkawapatsa ndi madzi ofunda.

Sindikunena kuti mapiritsiwo ndiwo anawapha, ayi. Koma anatipatsa mtima woti tili pa mankhwala. Tsiku lachisanu mwana wa achemwali anabwera ndi kachipangizo kopanira chala kaja koyezera okosijeni m'magazi, kanawerenga 86. Anati tiyeni kuchipatala pompano. Bambo anati dikirani ndimalize kosi, mawa ndikhala bwino, ndipo ankayankhula bwinobwino, akuseka, akufunsa za mpira. Inenso ndinavomera, ndinati mankhwala apatsidwe mpata. Tinapita patatha masiku awiri, milomo itada. Adokotala sanandikalipire. Anangofunsa kuti mayi, nambala imeneyi munaiona liti? Funso limenelo ndimagona nalo mpaka lero.

Mwina tikanapita msanga akanapitabe, Mulungu ndiye adziwa, nthawi imeneyo anthu ankafera pa okosijeni pomwe. Koma Anabanda mwana wanga, usadikire Lachisanu. Limbani wanena kuti omwalira salemba pa gulu. Ndawalembera ine.

Atcheya Mbewe, 11:52
Pepani mayi. Malemu anali msungichuma wathu zaka zisanu ndi chimodzi, buku lawo silinasowepo senti.

Esnart (Hatfield), 11:53
Pepani amayi. Mulungu akulimbitseni.

Limbani (wa ku famase), 11:58
Pepani mayi, mawu aja ndinalemba osaganiza kuti akugwerani. Musadziimbe mlandu. Korona inali ndi khalidwe limenelo, okosijeni kutsika munthu akucheza ngati palibe kanthu. Madokotala omwe zinkawadabwitsa poyamba.

Che Saidi (Mbare), 12:26
Mayi Nangondo, ndinanyamula nawo bokosi la amuna anu, ndipo sindinadziwe zimenezi. Ndikukumbukanso kuti sabata imeneyo ndine ndinkatumiza mauthenga pa gulu lino kuti aliyense asunge mapiritsi m'nyumba. Ngati uthenga wanga unafika kwanu, mundikhululukire.

Za ine mwini, mtima wanga ukukanabe kuti phala lija ndinaitanitsa mwangozi. Ndinali m'thupimo ndine, Limbani ndi zidebe zake za mtedza kunalibe. Zimenezo ndifa nazo. Koma sindinanenepo kuti munthu asapite kuchipatala, ndipo botolo la ng'ombe ine sindinamwepo. Agogowo apite akayezedwe.

Mayi Nangondo (Highfield), 12:31
Palibe mlandu Che Saidi. Mauthenga anali mbwee nthawi imeneyo, wanu sunali woyamba. Tonse tinkagwira chilichonse choyandama.

Aphunzitsi Tembo (Highfield), 12:44
Che Saidi, inenso ndinamwa n'kuchira, ndipo kwa chaka ndinkauza aliyense kuti ndi mapiritsi aja. Chinanditembenuza si Limbani, ndi akazi anga. Tinadwala sabata imodzi, iwo anakana kumwa ati amawawa m'kamwa, ndipo anadzuka tsiku limodzi ine ndisanadzuke. Mpaka lero amandikumbutsa tikakangana za mchere wa m'ndiwo.

Anabanda (Mufakose), 13:05
Zikomo nonse, ndamva. Ndawerengera bambo a kunyumba uthenga wa Mayi Nangondo, angoti zii, kenako akuti konzekera mawa. Vuto latsala ndi agogo eni ake. Akuti kuchipatala sapita, anzawo onse amene analowa kumeneko anatuluka chogona. Komanso sangathe kukwera kombi, akaima pang'ono akuchita befu.

Atcheya Mbewe, 13:12
Amenewo asiyireni ine, tinavinira dambwe limodzi, sangandikanire. Ndibwera madzulo ano ndi Aphunzitsi. Madalitso, galimoto yako ija ikuyenda? Thumba la odwala lithira mafuta.

Madalitso (Epworth), 13:14
Ikuyenda atcheya, bola pakhale anthu awiri okankha. Hafu sikisi ndili pa geti. Ya ku Mbudzi ija ndabweza, pepani Anabanda.

Sisita Nachisale, 13:20
Anabanda, mutenge chitupa chawo ndi makadi onse akale a kuchipatala, ndi mankhwala alionse amene akumwa, ngakhale a zitsamba. Mukanene za mgodi musanafunsidwe, ndipo mupemphe kuti awajambulenso pachifuwa. M'galimoto avale masiki, mawindo otsegula ngakhale Madalitso adandaule kuzizira. Akapezeka nayo, a m'nyumba nonse mukayezedwe, makamaka ana aja. Tsopano ndikagone, foni ndazimitsa.

Anabanda (Mufakose), Lachinayi 11:26
Tabwerako. Makhololo apereka, ayezanso shuga ndi magazi, korona alibe. Akuti zotsatira za TB tikamve mawa, ndipo atilembera kalata ya kojambulitsa. Agogo akwiya kuti anamwino anawafunsa zaka zawo pagulu, koma pobwerera anapempha maputi ndi Fanta pa mashopu. Galimoto inazima kawiri, atcheya anakankha nawo.

Aphiri (Beatrice), Lachinayi 11:40
Mutidziwitse mawa. Mnyamata wa mkaka abwerabe Lachisanu, ndamupatsira mazira thireyi imodzi ndi nkhuku ya agogo. Botolo lija ndabayira mathole m'mawa uno, latha.